Digiri ya Kafukufuku wa Zamaphunziro: Ntchito Imene Imayamba Makalasi Akatha

Mu mzinda wa Mzuzu si zachilendo kumva mphunzitsi wa kusekondale, mlangizi wa masukulu kapena wogwira ntchito ku bungwe akunena kuti akupanga digiri ya masitazi, ndipo patapita zaka zitatu kapena zinayi n'kumumvanso akunena zomwezo, kungowonjezerapo kuti yangotsala thesis, buku la kafukufuku wake. Ambiri mwa anthu otere si aulesi, ndiponso mutu wawo umagwira bwino, pakuti mayeso a m'kalasi a chaka choyamba anakhoza popanda vuto. Chimene chimawapinga n'chakuti digiri ya kafukufuku imafuna luso losiyana ndi limene sukulu inawazoloweza kuyambira Sitandade 1 mpaka digiri yoyamba. M'zaka zonsezo funso linkachokera kwa mphunzitsi ndipo yankho lake linali litalembedwa kale penapake, pamene pano wophunzira ndiye ayenera kupeza funso lake, kukhutiritsa akatswiri kuti silinayankhidwe mokwanira, kusonkhanitsa umboni, ndi kuima pamaso pa omuyesa kuteteza chilichonse chimene walemba.

Madigiri amenewa ali m'mitundu imene anthu amakonda kuisokoneza. Pali digiri ya masitazi imene chaka choyamba chimakhala cha m'kalasi ndipo chachiwiri n'cha kafukufuku, palinso ina imene yonse ndi kafukufuku wokhawokha, yomwe m'mayunivesite ambiri imatchedwa MPhil, ndiye pamwamba pake pali PhD, imene imatenga zaka zitatu kapena zinayi kwa munthu amene wasiya zonse n'kuyang'ana sukulu yokha, ndi zaka zochulukirapo kwa amene akuphunzira ali pantchito. Kusiyana kwake sikuli pa kunenepa kwa buku limene munthu amalemba. Wa masitazi amayenera kuonetsa kuti akudziwa kuchita kafukufuku mwadongosolo, pamene wa PhD amayenera kuwonjezerapo chinthu chimene akatswiri a phunzirolo sankachidziwa. Chinthucho sichisowa kukhala chogwedeza dziko. Chikhoza kukhala umboni wakuti mfundo imene inapezeka m'makalasi a ana 30 ku Ulaya imayenda mosiyana m'kalasi ya ana oposa 100, pamodzi ndi kufotokoza chifukwa chake.

Kwa munthu wokhala kuno, malo oyandikira ndi Yunivesite ya Mzuzu, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1997 n'kulandira ophunzira oyamba mu 1999 ku Luwinga, m'nyumba zimene kale zinali koleji ya aphunzitsi. Yunivesiteyi inayamba ndi maphunziro a uphunzitsi, ndipo lero imaperekanso digiri ya Master of Education. Ena amapita ku Zomba, ku Yunivesite ya Malawi, imene inkadziwika kuti Chancellor College kufikira mu 2021 pamene makoleji a yunivesite yakale anaima paokha, ndipo ena amalembetsa ku UNISA ya ku South Africa n'kumaphunzira ali kwawo. Kulikonse kumene munthu wasankha, ndi bwino kuyamba wafunsa ku National Council for Higher Education, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo n'zovomerezeka, chifukwa pa intaneti padzaza masukulu amene amagulitsa mapepala okongola amene olemba ntchito sawalandira.

Funso limene munthu angathe kuliyankha

Ntchito yonse imaima kapena kugwa pa funso, choncho tiyeni tichedwepo. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa Biology wa pa CDSS ina ya kunja kwa mzinda wafika kwa supavaiza wake, mphunzitsi wa ku yunivesite amene akumutsogolera pa kafukufuku, ndi mutu wakuti zifukwa zimene ophunzira amalepherera mayeso m'Malawi. Mutuwu ndi wochokera pansi pa mtima, koma supavaiza wodziwa ntchito angamuuze kuti, “Aphunzitsi, limeneli ndi dandaulo la dziko lonse, si funso la munthu mmodzi wa zaka ziwiri.” Kenako amayamba kumupanikiza ndi mafunso. Mayeso ake ati, a Sitandade 8 kapena a MSCE? Phunziro liti? Masukulu a mtundu wanji? Mukufuna kudziwa za ophunzira, za aphunzitsi kapena za zipangizo? Pakatha milungu ingapo ya kubwerera ndi kubwezedwa, funso likhoza kutsala lotere: kodi aphunzitsi a Biology m'masukulu anayi a CDSS opanda labotale amawakonzekeretsa bwanji ophunzira a Fomu 4 mayeso a pulakitiko? Wophunzira amaona ngati amulanda mutu wake waukulu n'kumusiyira nyenyeswa, koma funso lachiwirili lili ndi malire, lili ndi anthu amene angafunsidwe ndi makalasi amene angaonedwe, ndipo yankho lake lingathandize munthu wina. Loyamba lija linali ngati kufuna kulima dambo lonse la Lunyangwa ndi khasu limodzi.

Funso lochepali lilinso ndi mizu yake m'mbiri. Masukulu a CDSS anachokera ku malo ophunzirirako maphunziro a m'makalata, amene anasandutsidwa masekondale a masana kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ambiri anayamba ntchito yatsopanoyo opanda labotale, opanda layibulale, ndi aphunzitsi amene anaphunzitsidwa ntchito ya kupulayimale. Wofufuza amene akudziwa zimenezi saona vutolo ngati kulephera kwa mphunzitsi mmodzi, ndipo mafunso ake kwa aphunzitsiwo amakhala aulemu ndi akuya.

Pali ngozi ina imene imagwera makamaka aphunzitsi okhalitsa pantchito, ndiyo kubwera ku kafukufuku yankho lili kale m'thumba. Munthu amene wagwira choko zaka 15 amakhala wotsimikiza kuti ana akulephera chifukwa cha mafoni, kapena chifukwa makolo sawalabadira, ndipo amafuna digiri kuti itsimikizire zimene wakhala akunena m'chipinda cha aphunzitsi. Mwina akunena zoona. Koma ngati kafukufuku wakonzedwa mwanjira yakuti sangapeze china chilichonse kupatula chimene mwini wake akukhulupirira kale, ndiye kuti palibe chimene wafufuza. Muyeso wosavuta ndi kudzifunsa kuti ndi umboni wotani umene, utapezeka, ungandichititse kusintha maganizo. Ngati palibe, funsolo silinapse.

Mitu yofuna kufufuzidwa siisowa, chifukwa pafupifupi kusintha kulikonse kwa ndondomeko ya boma kunasiya mafunso a momwe kunafikira m'kalasi. Maphunziro aulere a kupulayimale atayamba mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo makalasi odzaza amene tikuwaona lero ndi mbali ya cholowa chimenecho. Nkhani ya chiyankhulo chophunzitsira yakhala ikutembenuka: mu 1968 Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi, mu 1996 boma linalola kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, kenako lamulo la maphunziro la mu 2013 linati chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi. Chimene chimachitikadi m'kalasi ya Sitandade 2 ku Chitipa, kumene mwana amayankhula Chilambya kapena Chindali kunyumba, buku lake lili m'Chichewa, ndipo lamulo likunena za Chingerezi, sichingadziwike powerenga zikalata za ku Capital Hill. Chimodzimodzinso ndondomeko ya mu 1993 yolola atsikana kubwerera kusukulu akabereka, pulogalamu ya National Reading Programme imene inayamba mu 2016, ndi kutsekedwa kwa masukulu mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19. Kafukufuku wa m'makomo wa dziko lonse wotchedwa MICS, wa mu 2019 ndi 2020, anapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, ndi pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse amene anali ndi luso loyambira la kuwerenga, ndipo nambala imeneyi imanena kukula kwa vuto koma sinena chimene chikuchitika pakati pa mphunzitsi, mwana ndi buku.

Funso likakhazikika pamabwera kuwerenga zimene ena analemba kale. Ophunzira ambiri amalemba chaputala chimenechi ngati kaundula, wakuti ananena izi, wakutinso ananena izo, masamba 30 osafika paliponse. Chimene oyesa amafuna ndi mkangano wolongosoka woonetsa pamene akatswiri amagwirizana, pamene amatsutsana, ndi mpata umene watsala umene kafukufukuyu adzalowapo. N'chimodzimodzi ndi chiphunzitso chimene wophunzira amati ndicho maziko a ntchito yake: kawirikawiri dzina la katswiri wa kaphunziridwe ka ana monga Vygotsky kapena Piaget limaonekera m'chaputala chachiwiri, kenako silimvekanso mpaka kumapeto, pamene linayenera kuthandiza kusankha zoyang'ana m'kalasi ndi kumasulira zopezekazo. Kupeza mabuku kunali kovuta kwambiri kuno layibulale ya Yunivesite ya Mzuzu itapsa ndi moto mu Disembala 2015, koma masiku ano zolemba zambiri za akatswiri zimapezeka pa intaneti kudzera ku malo osakirako zolemba monga ERIC, African Journals Online ndi Google Scholar, komanso kudzera m'majenala amene malayibulale a mayunivesite amalipirira pamodzi pansi pa mgwirizano wa MALICO. Ziwerengero za masukulu zili m'malipoti a chaka ndi chaka a EMIS, kaundula wa masukulu wa Unduna wa Zamaphunziro, za masilabasi zili ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo wofufuza mbiri, kaya ya sukulu ya Overtoun Institution imene Robert Laws anayambitsa ku Khondowe mu 1894 kapena ya dipatimenti ya maphunziro imene boma la atsamunda linakhazikitsa mu 1926, sangapewe ulendo wa ku National Archives ku Zomba. Chenjezo limodzi ndi lakuti zambiri zimene zalembedwa zokhudza makalasi a m'Malawi zili m'malipoti a mabungwe othandiza, ndipo lipoti limene bungwe lalipira kuti liunike pulojekiti yake yomwe liyenera kuwerengedwa ndi maso awiri.

Kutolera umboni m'masukulu

Njira zofufuzira zimagawidwa kawirikawiri pawiri, ya manambala ndi ya mawu, ndipo ena amaziphatikiza. Njira imasankhidwa ndi funso, osati mantha a masamu kapena chikondi cha pa SPSS, pulogalamu ya pa kompyuta younikira manambala. Amene akufunsa kuti ndi angati kapena n'zochuluka bwanji amafunika anthu ambiri osankhidwa mosakondera, pamene amene akufunsa kuti zimachitika bwanji ndipo anthu amaziona motani amafunika anthu ochepa amene adzakhala nawo nthawi yaitali. Msampha waukulu wa njira ya manambala ndi kuona zinthu ziwiri zikuyendera limodzi n'kuthamangira kunena kuti china chikuchititsa chinzake. Wofufuza wathu uja akhoza kupeza kuti masukulu okhala ndi labotale amakhoza bwino Biology kuposa opanda, n'kulemba kuti labotale ndiyo ikukhozetsa. Koma m'dziko muno ana amasankhidwira kusekondale potengera momwe akhozera mayeso a Sitandade 8, kotero kuti okhoza kwambiri amapita ku masukulu ngati Mzuzu Government, amene alinso ndi labotale, malo ogona ndi aphunzitsi a madigiri, pamene CDSS imalandira amene atsala. Kusiyana kwa zotsatira kunayamba ana asanaone n'komwe chitseko cha labotale, ndipo woyesa aliyense wakuthwa adzafunsa zimenezi.

Njira ya mawu ilinso ndi msampha wake, umene umaonekera bwino pa tsiku loyamba loonerera phunziro. Wofufuza amafika ndi kope lake n'kupatsidwa mpando kumbuyo kwa kalasi. Mphunzitsi walowa ndi lesoni pulani yolembedwa usiku wathawu, pakhoma pali tchati chimene inki yake ikuoneka kuti ndi ya dzulo, ana aikidwa m'magulu ngakhale akuchita kuoneka kuti sakudziwa kuti m'gulumo azitani, ndipo funso lililonse likuyankhidwa ndi ana atatu omwewo a kutsogolo. Mphunzitsiyo sakunama, akuchita zimene aliyense amachita mlendo akabwera, makamaka poti kwa zaka zambiri munthu wokhala kumbuyo ndi kope amakhala woyendera masukulu amene lipoti lake limafika ku ofesi. Wofufuza amene abwera kamodzi n'kupita adzalemba za chionetsero. Amene abwerera kachitatu ndi kachinayi amapeza kuti tchati chija chachoka, magulu atha, ndipo phunziro labwerera m'njira yake ya masiku onse, imene ndiyo ankafuna kuiona. Amapemphanso kuona makope a ana, masiku amene ntchito inachongedwa, ndi masikimu, mapulani a ntchito ya teremu yonse, chifukwa zimene mphunzitsi wanena pocheza, zimene wachita m'kalasi ndi zimene zili m'makope zikagwirizana, umboni umalimba, ndipo zikasiyana, kusiyanako nthawi zambiri ndiko kumakhala mtima wa thesis.

Asanapite kusukulu iliyonse, wofufuza amayenera kulandira chilolezo cha komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku. M'dziko muno ntchito imeneyi imayang'aniridwa ndi National Commission for Science and Technology, ndipo mayunivesite ali ndi makomiti awo, monga MZUNIREC ya ku Luwinga. Ophunzira ambiri amaona gawo limeneli ngati chopinga cha mapepala ndi ndalama, koma mafunso amene komiti imafunsa ndi enieni. Aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana pamaso pa malamulo, monga momwe Nyumba ya Malamulo inakhazikitsira posintha malamulo aakulu a dziko mu 2017, choncho pamafunika chilolezo cha kholo komanso kuvomera kwa mwanayo payekha, ndipo siginecha ya mphunzitsi wamkulu siilowa m'malo mwa ziwirizi. Mlangizi wa zoni amene akufuna kufufuza aphunzitsi amene amawayang'anira ayenera kufotokoza momwe mphunzitsi angakanire kutenga nawo mbali popanda kuopa, pakuti pamaso pa bwana mawu akuti muli ndi ufulu wokana samveka monga momwe alembedwera papepala. Kubisa maina nakonso sikokwanira m'dera limene anthu onse amadziwana: kulemba kuti mphunzitsi wamkulu wa sekondale ina ya pa chilumba cha Likoma ananena zakutizakuti n'chimodzimodzi kumutchula dzina. Ndipo amene akucheza ndi atsikana za kusiya sukulu ayenera kudziwiratu chimene adzachite ngati mwana wamuululira za nkhanza, chifukwa pamenepo lonjezo losunga chinsinsi limakumana ndi udindo woteteza mwana.

Chilolezo cha komiti chikatuluka pamatsala makalata a ku unduna. Wa kusekondale amadzera ku ofesi ya chigawo cha maphunziro cha kumpoto, imene ili mu Mzuzu momwemuno, wa kupulayimale amadzera ku ofesi ya maphunziro ya boma limene akukafufuzako, kenako aliyense amakagogoda kwa mphunzitsi wamkulu. Zonsezi zimadya nthawi, ndipo kalendala ya sukulu siidikira munthu. Chaka cha sukulu chimayamba cha m'Seputembala, teremu yachitatu imadyedwa ndi kukonzekera mayeso a MANEB, ndipo a Fomu 4 akangomaliza kulemba amabalalika osabwereranso. Wofufuza wathu wa Biology akalandira chilolezo mu Juni, ndiye kuti ana amene ankawafuna wawaphonya, ndipo adikira gulu lina. Mvula nayo ili ndi mawu ake, pakuti amene wasankha masukulu a ku Usisya kapena ku Nthalire n'kukonza zopita mu Febuluwale akhoza kuthera ndalama zake pamsewu. Miyezi yambiri imene imatayika pa digiri imatayikira pa zinthu zoterezi, osati pa kuvuta kwa chiphunzitso.

Nkhani ya chiyankhulo imabweranso pano mwa mtundu wina. Thesis imalembedwa m'Chingerezi, koma makolo, ana ndi mafumu adzayankhula momasuka m'Chitumbuka, m'Chitonga ku Nkhata Bay, m'Kyangonde ku Karonga, ndi m'ziyankhulo zingapo ku Chitipa. Ife amene timayankhula Chichewa ndipo timagula nacho zonse mu msika wa Mzuzu timaiwala msanga kuti mayi wa kumudzi ku Mzimba akhoza kuchimva koma osatha kufotokozamo zakukhosi. Mafunso amayenera kumasuliridwa, kenako munthu wina amene sanaone oyambirirawo awabwezere m'Chingerezi kuti zioneke ngati tanthauzo lasochera panjira, ndipo ayesedwe kaye pa sukulu ina imene siili m'kafukufuku. Wothandiza kumasulira ayenera kuuzidwa kuti asakonze kapena kufupikitsa zimene munthu wanena. Pambuyo pake pamabwera ntchito imene palibe amene amaiwerengera, yolemba mawu onse ojambulidwa pa foni: kucheza kwa ola limodzi kumatha maola anayi kapena kuposerapo kuti kulembedwe, kumasulira kusanayambe.

Supavaiza, ndalama ndi nthawi

Ubale wa wophunzira ndi supavaiza ndi umene umasunga kapena kuwononga zaka zimenezi, ndipo chikhalidwe chathu cha ulemu chimauvutitsa mbali ina. Wophunzira amatumiza chaputala, pamapita mwezi, ndipo amaopa kukumbutsa a Dokotala poganiza kuti aoneka wamwano. Supavaiza naye, amene ali ndi makalasi akuluakulu, mayeso ochonga ndi ophunzira ena ambiri, amaganiza kuti poti munthuyo ali chete ndiye kuti sali pachangu. Chothandiza ndi kugwirizana poyamba penipeni kuti azikumana kangati ndiponso kuti ndemanga zizibwera patatha nthawi yotani, ndipo pakatha msonkhano uliwonse wophunzira alembe imelo yachidule yonena zimene agwirizana. Imeloyo imathandizanso pamene masupavaiza ali awiri ndipo wina akuti chotsani chimene mnzake anati wonjezerani. Ndemanga zofiira zodzaza tsamba si chidani. Choopsa ndi supavaiza amene amangoti zili bwino pitirizani, chifukwa zolakwika zimene iye sanazione adzaziona woyesa wakunja. Pofika chaka chomaliza cha PhD wophunzira amayenera kudziwa mutu wake kuposa supavaiza, ndipo kutsutsa mwaulemu, ndi umboni m'manja, ndi mbali ya maphunzirowo.

Za ndalama sizifuna mawu ambiri, poti aliyense akuzidziwa. Kuwonjezera pa fizi pali ndalama ya komiti ya chilolezo, maulendo, malo ogona, mabandulo a intaneti, kupulinta ndi kumanga mabuku, ndipo amene anapanga bajeti yake kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anaona momwe mapulani amasungunukira. Thandizo lakunja lilipo, monga la Commonwealth, Beit Trust, Fulbright ndi DAAD, koma opikisana ndi ambiri ndipo pafupifupi onse amafuna kuona pulopozo yomveka, chikalata chofotokoza zimene munthu akufuna kufufuza, zimene zikutibwezeranso ku funso lija. Mphunzitsi wa boma ayenera kulongosola za tchuthi cha maphunziro asanayambe, osati atayamba kale kujomba. Amene akuphunzira ali pantchito amapambana akamalemba pang'ono masiku ambiri kusiyana ndi kudikira holide, pakuti holide imabwera ndi maliro, zinkhoswe ndi kuchonga mayeso. Ndipo ntchito yonse isakhale pa laputopu imodzi yokha. Kope lina likhale pa imelo kapena pa Google Drive, kupatula mawu ojambulidwa a anthu, amene ayenera kusungidwa motetezedwa monga momwe komiti inavomerezera.

Munthu akapanikizika chonchi mayesero a njira zachidule amakula. Kukopera zolemba za ena popanda kuwatchula kumagwidwa ndi mapulogalamu ngati Turnitin, ndipo chilango chake chikhoza kufika pa kuchotsedwa sukulu kapena kulandidwa digiri imene inaperekedwa kale. Kuyambira pamene ChatGPT inatulukira mu Novembala 2022 pabweranso vuto lina, lakuti makina oterewa amatha kupeka maina a mabuku ndi a akatswiri amene kulibe, n'kuwalemba mooneka bwino kwambiri moti wophunzira wotopa amangowalowetsa. Palinso anthu amene amalembera anzawo thesis powalipiritsa, ndipo ena amakhala pansi pa mtengo n'kudzaza okha mapepala a mafunso 200 ndi zolembera zosiyanasiyana. Kupatula kuti zonsezi ndi chinyengo chimene chikhoza kusocheretsa ndondomeko zokhudza ana enieni, zimaululika mosavuta pa tsiku la mayeso a pakamwa.

Thesis ikaperekedwa imapita kwa oyesa, mmodzi wa pa yunivesite pomwepo ndi wina wakunja, amene amaiwerenga payekhapayekha n'kulemba malipoti. Kenako, m'mayunivesite ambiri, wophunzira amaitanidwa kukaonekera pamaso pa gulu la akatswiri. Amapatsidwa mphindi zochepa kuti afotokoze ntchito yake, ndipo mafunso amayamba. Munasankhiranji masukulu anayi amenewa osati ena? Pa tsamba 87 mwanena kuti aphunzitsi ambiri amachita zakuti, kodi ambiri ndi angati mwa angati? Mukanayambiranso, mukanasintha chiyani? Funso lomalizali limasokoneza amene anazolowera kuti kuvomera chofooka ndi kulephera, pamene oyesa amakhulupirira kwambiri munthu amene akudziwa pamene umboni wake ukulekezera, amene anganene poyera kuti zimene anapeza m'masukulu anayi a kumpoto sizingaimire CDSS iliyonse ya m'Malawi. Ndi ochepa amene amadutsa osauzidwa kukonza kanthu. Ambiri amapatsidwa zokonza zing'onozing'ono za milungu ingapo, ena zikuluzikulu za miyezi, ndipo ena amauzidwa kuti alembenso ndi kuperekanso. Zokonzazi zimakhala ndi tsiku lomaliza, ndipo dzina silipita ku seneti, bungwe lalikulu loona za maphunziro pa yunivesite, kuti livomerezedwe mpaka woyesa atasaina kuti zachitika.

Mapulogalamu ambiri a PhD amafunanso kuti wophunzira asindikize nkhani imodzi kapena ziwiri m'majenala amene akatswiri anzake amaunika zolembedwa zisanatuluke. Kuunikako kumatenga miyezi, ndipo kubwezedwa ndi chinthu cha masiku onse ngakhale kwa mapulofesa. Pa chifukwa chimenechi pabuka majenala achinyengo amene amatumiza maimelo otamanda munthu, n'kulonjeza kusindikiza m'masiku ochepa akangolipira madola. Nkhani yotuluka m'menemo siiwerengedwa ndi mayunivesite osamala, ndipo poti yatuluka kale singatumizidwenso kwina. Asanatumize kulikonse, wophunzira afunse woyang'anira layibulale kapena aone ngati jenalayo ili m'ndandanda yodalirika monga ya DOAJ kapena Scopus.

Pa za ntchito, digiri ya masitazi ndiyo khomo lolowera ku uphunzitsi wa ku yunivesite, ndipo imathandiza pofunsira ntchito m'makoleji a aphunzitsi, m'mabungwe ndi m'maofesi okonza ndondomeko. Koma m'boma pepala lokha silikweza munthu giredi tsiku limene walilandira, chifukwa kukwezedwa kumadikira kuti mpata ulengezedwe ndipo munthu akapambane pa intavyu ya Teaching Service Commission. Mphunzitsi amene cholinga chake chachikulu ndi kukwezedwa ayambe wafunsa ku ofesi ya chigawo kuti ndi maudindo ati amene amafuna digiri yotereyi ndiponso ya phunziro liti, asanalipire fizi ya semesita yoyamba.